WOBVEKA MFUMU

Mwezi uno tifuna kukamba za cithunzi coyenda cimodzi, ca mtundu uja akuru athu anaucha baisikopo, koma ana a lero ati filimu kapena kanema. Dzina lace m'Cingelezi ndilo The Dresser, ndiko kunena munthu wobveka mnzace zobvala. Cinaturuka ku England caka ca 1983, ndipo amene anatsogolera nchito yakucijambula ndiye Peter Yates. Kapena wina mwa owerenga athu adzafunsa kuti, Nanga ife a kumudzi tiri naco ciani cithunzi ca Azungu ocita masewero? Koma mlandu uli m'menemo tiudziwa tonse. Ndiwo mlandu wa munthu wotumikira mnzace zaka zambiri ndi mtima wace wonse, kufikira alibenso moyo wina koma wa mbuye waceyo. Ndipo pofika tsiku lakuchula maina a oyenera kuyamikidwa, dzina lace lokha losamveka.

Tiyambe talongosola makhalidwe a anthu amenewa, pakuti si onse awadziwa. Kale ku England kunali magulu a anthu amene nchito yao yodyera inali kuonetsa masewero, makamaka aja analemba William Shakespeare. Sanali kukhala malo amodzi ai. Anali kuyenda pa sitima ya pamtunda mzinda ndi mzinda, sabata lino kuno, sabata la mawa kwina, atalonga m'mabokosi zobvala zacifumu, malupanga, ndebvu zomata ndi akorona onyezimira. Mtsogoleri wa gulu ndiye analinso mwini wace. Ndiye wolemba anthu nchito ndi kuwacotsa, ndiye wogawa malipiro, ndiponso mbali yaikuru m'sewero liri lonse inali yace. Ena onse anali kumzinga monga nduna pabwalo. Tsono m'nyumba ya masewero muli malo awiri osiyana. Kutsogolo kuli mipando ya oonerera ndi nsanja yowala ndi nyali zambiri. Kuseri kwa nsaru kuli tizipinda tating'ono, makwerero opapatiza, zingwe, pfumbi, ndi anthu othamanga mwakacetecete amene woonerera sawaona konse. Cithunzi cathu cikhalitsa kuseriko.

Wolemba nkhaniyi anaigwira nchitoyo ndi manja ace. Ndiye Ronald Harwood, wobadwira ku Cape Town caka ca 1934, amene anapita ku London caka ca 1951 ali mnyamata. Caka ca 1953 analowa m'gulu la Donald Wolfit, mmodzi wa eni magulu otsiriza a mtundu umene tanenawu, nakhala womubveka zaka 5, kufikira 1958. Wolfit uyu anachuka ndi mau ace akuru ndi kudzimva kwace, komanso anali wolimba mtima ndithu: caka ca 1940, mabomba alikugwa pa London, iye anaonetsa zigawo za masewero a Shakespeare nthawi ya cakudya ca masana m'nyumba yochedwa Strand Theatre. Analandira ulemu wa Sir caka ca 1957, namwalira caka ca 1968, ndipo Harwood anaturutsa buku la mbiri yace caka ca 1971. The Dresser inayamba yakhala sewero la pansanja, loonetsedwa koyamba ku Manchester caka ca 1980, isanasanduke cithunzi coyenda. Harwood anakana kuti nkhalamba ya m'nkhaniyi ndiye Wolfit mwini wace, ndipo tiyenera kumkhulupirira; komatu munthu amene wacapa malaya a mnzace zaka 5 adziwa zina zimene wongomva sangathe kuzipeka.

Nkhaniyi icitika m'nyengo ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Pamene nkhondo inabuka mu September 1939, Boma la Britain linalamula kuti nyumba zonse za masewero zitsekedwe, poopa kuti bomba limodzi lingaphe khamu lonse; koma patapita masabata owerengeka linalola kuti zitsegulidwenso. Kuyambira September 1940 kufikira May 1941 ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa London ndi pa mizinda yina, nizipha anthu wamba oposa 40,000. Sewero la Harwood liika nkhani yace mu January 1942. Anyamata amphamvu onse apita kunkhondo. Otsala m'gulu ndiwo nkhalamba, otsimphina ndi akazi. Ndi otsala amenewa mwini gulu aumirira kuonetsa masewero olemera koposa onse a Shakespeare, usiku ndi usiku.

Dzina la mwini gulu sitilimva ndi kamodzi komwe. Onse amucha Sir, ndipo ife tidzamucha Bwana. Womubveka ndiye Norman, amene wakhala naye zaka 16. Nchito ya Norman ndiyo kukonza zobvala, kumsambitsa Bwana, kummata ndebvu, kumphikira tiyi, kumkumbutsa mau oiwalika, kuima pakhomo ndi kubweza alendo. Koma koposa zonse kudziwa mtima wa Bwana monga mlimi adziwa mitambo, kuti uwu ndi wa mvula, uwu ngwongopita. M'thumba mwace muli kabotolo ka mowa waukali kamene amwa mobisa. Wocita mbali ya Bwana ndiye Albert Finney, ndipo wocita mbali ya Norman ndiye Tom Courtenay.

Kuciyambi kuli cigawo cina cimene onse anaona cithunzici acikumbuka. Gulu lafika pa siteshoni mocedwa, nkhalamba zirikukoka miyendo ndi akatundu ao, ndipo sitima yayamba kale kucoka. Norman wathamangira kutsogolo kukapempha anchito a sitima kuti adikire, koma samumvera. Pamenepo Bwana aima pamwamba pa makwerero, natukula ndodo yace, napfuula ndi mau odzaza siteshoni yonse. Ndipo sitima iima. Cigawo ici m'sewero la pansanja munalibe, anacionjezera pojambula. Cisekeretsa, ndiponso citidziwitsa cifukwa cace anthu ampirira munthu wobvuta cotere, pakuti mphatso yace njoona. Koma woonerera acenjere napo, cifukwa kuyambira pamenepo mtima wathu wagwidwa, ndipo tiyamba kumkhululukira Bwana zinthu zimene kwa munthu wa mau ang'ono sitikanamkhululukira.

Atafika mzinda wotsatira apeza nyumba zogumuka ndi mabomba, ndipo nzeru za Bwana zisokonezeka. Pamsika ayamba kulira ndi kubvula zobvala zace pamaso pa anthu, namtengera kucipatala. Usiku womwewo liyenera kuonetsedwa sewero la King Lear, ndipo udzakhala ulendo wa 227 Bwana kucita mbali ya mfumuyo. Mkazi wace, amene onse amucha Her Ladyship, pamodzi ndi Madge, woyang'anira zonse za kuseri kwa nsaru, agwirizana kuti sewero lilekeke. Norman yekha akana. Ali mkati motsutsana, Bwana adziturutsa yekha m'cipatala, nafika alikunjenjemera, wosakumbuka ngakhale mau oyamba a sewero limene walicita kokwana 226.

Kuti nkhaniyi imveke bwino tiyenera kudziwa za King Lear, sewero limene Shakespeare analemba ca m'ma 1605 ndi 1606. Mfumu yokalamba igawa dziko lace kwa ana ace akazi atatu, nifuna kuti yense anene kukula kwa cikondi cace. Awiri akuru, Goneril ndi Regan, aithira mau okoma nalandira magawo ao. Wamng'ono, Cordelia, akana kusyasyalika, napitikitsidwa. Pambuyo pace awiri aja aitsekera atate wao kunja, ndipo mfumu ipenga m'cipululu usiku wa namondwe. Otsala nayo ndiwo nduna yina yochedwa Kent, imene mfumu inaipitikitsa koma inabwera yodzizimbaitsa kudzaitumikirabe, ndi Woseketsa wa kubwalo, amene yekha aloledwa kuiuza mfumu zoona zowawa mwa nthabwala. Tsono onani nzeru ya Harwood: sewero liri pansanja ndi nkhani iri kuseri kwa nsaru ziri cimodzimodzi. Bwana ndiye Lear asanabvale n'komwe korona. Norman ndiye Kent ndi Woseketsa m'thupi limodzi.

Cigawo coposa zonse m'cithunzici ndico ca m'cipinda cobvalira, pamene Norman atsala yekha ndi Bwana, nthawi irikutha. Muli anthu awiri, kalirole, ndi tebulo la utoto, basi. Koma woonerera sacotsa maso. Nkhalamba ikhala cete, misozi irikutsika, manja ali lende. Norman sayamba ndi kuidzudzula kapena kuipempha. Ayamba ndi kubwebweta nkhani zacabe, za bwenzi lace lina limene linadwala cotere nilicira, za nyumba kuti yadzaza ndi anthu usiku uno. Nkhani za bwenzi lacezo azinena kawiri kawiri, ndipo pang'ono pang'ono tizindikira kuti bwenzilo nthawi zina ndiye Norman mwini wace. Mverani bwino kalankhulidwe kace: sati, Bvalani, ati, Tiyeni tibvale, monga anena mai kwa mwana wokana phala. Akaona kuti kunyengerera kwalephera, akalipa. Akaona kuti kukalipa kwamgwetsa mphwayi Bwana, ayamba kumtamanda. Ndipo taonani, dzanja la nkhalamba ligwira utoto, lilemba makwinya pamphumi, limata ndebvu zoyera. Ndipo pamene nkhope irikukalamba m'kalirole, munthu mwini wace alikutsitsimuka. Ici ncodabwitsa kuciona, kuti munthu wolefuka apeza mphamvu pakudzisandutsa wokalamba woposa iye.

M'cigawo comweco muli kanthu kena kamene owerenga athu sadzakakonda, ndipo sitikabisa. Norman aturuka pang'ono, nabwera napeza Bwana wadzola nkhope yonse utoto wakuda, poyesa kuti usiku uno ndi wa Othello, sewero la kazembe wa nkhondo wakuda. Masiku amenewo ku England mbali imeneyo inali kucitidwa ndi Azungu odzidetsa nkhope, ndipo unali mwambo wosafunsidwa. Lero mwambowo unalekeka m'nyumba zazikuru za masewero, ndipo kuyenera kutero. Cithunzi cionetsa zimenezi monga zinaliri, cifuna tiseke kusokonezeka kwa nkhalamba. Koma siciima ndi pang'ono pomwe kulingalira kuti munthu wakuda woonerera adzamva bwanji.

Sewero liri pafupi kuyamba, lipenga locenjeza za ndege lilira. Atuma Norman kuti aturuke kutsogolo kwa nsaru kukauza anthu kuti sewero lipitirira, koma ofuna kuthawa athawe. Munthu uyu amene kuseri alamula ngakhale Bwana, pofika pa kuwala anjenjemera, lilime lace niliphonya mau, anthu naseka. Ifika nthawi yakuti mfumu ilowe, Bwana angokhala duu pampando. Anzace pansanja ayamba kupeka mau ao ao kuti anthu asazindikire, kufikira Norman amuutsa namkankhira ku nsanja. Ndipo pofika pa namondwe, cithunzi citionetsa m'mene mphepo ndi mabingu zipangidwira: wina agwedeza lata lalikuru, wina aomba ng'oma, wina apukusa makina a mphepo, onse thukuta kamu kamu. Pali munthu wina wotsimphina dzina lace Oxenby, wodana ndi ulamuliro wa Bwana, amene analemba sewero lace koma Bwana sanaliwerenge. Uyu anakaniratu kugwira nchito za kuseri, nati si zace. Koma poona anzace alikulephera, agwira naye makinawo. Phokoso likula koposa usiku uli wonse. Ndipo Bwana poturuka pansanja, mmalo moyamika, afunsa kuti namondwe anali kuti. Mutu umodzi susenza denga, koma Bwana uyu ayesa kuti denga lonse liri pamutu pace yekha.

Tsono tifike pa funso limene cithunzi cisiya m'manja mwathu. Mwa anthu onse omzinga Bwana, wokhulupirika weni weni ndani? Woonerera wofulumira adzati ndi Norman, pakuti ndiye anaimitsa munthu wakugwa. Ife tikaika. Munthu amene anathawa m'cipatala masana, Norman anamkankhira ku nchito yolemera ya maora atatu, yothera ndi kunyamula munthu wamkuru m'manja, pakuti pa mathero a King Lear mfumu ilowa itanyamula mtembo wa Cordelia. Her Ladyship anamuuza mwamuna wace poyera kuti aleke nchito asanafe nayo, ndipo mau ace anamveka owuma. Madge anafuna kutseka nyumba usiku umenewo. Akazi awiriwa anasamala za thupi la munthuyo. Norman anasamala za ciani? Anadziwa, inde, kuti Bwana wopanda nsanja ndi wakufa kale, ndipo pamenepo analondola. Komanso anadziwa kuti Bwana akaleka, Norman alibe kopita. Kukhulupirika kwace nkosanganizika ndi mantha ace, ndipo cithunzi sicibisa zimenezi. Cionetsanso nsanje yace. Pali mtsikana wina, Irene, wofuna kukwera m'gulu. Bwana amnyamula m'cipinda, naona kuti ngwopepuka koposa mkazi wace amene acita mbali ya Cordelia. Norman pomva ici amtsekereza mtsikanayo namuopseza ndi mau aukali amene sitinayembekeze kucokera kwa munthu wanthabwala uja. Khomo la Bwana ndi lace, safuna wina alowepo.

Kwa ife, wogwira mtima koposa ndiye Madge, amene mbali yace anacita Eileen Atkins. Mkazi uyu wakhala m'gulu zaka 20, wosaseka, wosunga nthawi, ndipo zaka zonsezo anamkonda Bwana osanena. Bwana anadziwa, nagwiritsa nchito cikondico kuti asataye wanchito wabwino. Usiku umenewu amuitana namfunsa ngati anakondwa m'zaka zonsezi, nafuna kumpatsa mphete yace yamtengo. Mau ace a Madge ngowerengeka, nkhope yace sisintha kweni kweni, koma zonse zioneka. Palinso nkhalamba yina yofatsa, Geoffrey Thornton, imene moyo wace wonse yacita timbali tating'ono. Usiku uno aipatsa mbali ya Woseketsa cifukwa mwini mbaliyo wagwidwa ndi apolisi. Bwana ailangiza kuti isaime pa kuwala kwace. Sewero litatha idza mwaulemu kudzanena kuti yakondwa, ndi kuti ikadakonda kupatsidwanso mbali zokulirapo. Tizigawo totere ndito tionetsa kuti wolemba anakhaladi pakati pa anthu amenewa.

Sewero litha bwino, anthu aomba m'manja. Bwana abwera m'cipinda cace wotopa, nagona, napatsa Norman buku limene anayamba kulemba la mbiri ya moyo wace. Sanalembe kanthu koma tsamba loyamba lokha, la mayamiko. Norman, ataledzera pang'ono, awerenga mokweza. Ayamikidwa oonerera, ayamikidwa ocita masewero, ayamikidwa amisiri a matabwa, a nyali, ndi osunga zipangizo. Wobveka palibe. Norman aceuka kuti afunse, napeza Bwana watsirizika.

Cimene citsata ncowawa kuciona, ndipo tiyamika kuti ojambula sanacikometse. Norman salira maliro aulemu. Atukwana mtembo, awerenga zaka zace 16, akumbuka kuti Bwana sanamuitane kukadya naye ndi tsiku limodzi lomwe, afunsa kuti nanga iye adzatani tsopano. Pansi pa ukali wonsewo pali cikondi cimene sanathe kucichula dzina Bwana ali moyo, ndipo ngakhale tsopano acizungulira, nayambanso nkhani ya bwenzi lace lija, osaitsiriza. Ena ati Bwana anamsiya dala, mwa cipongwe. Ife sitiyesa comweco. Tiyesa kuti anamuiwala monga munthu aiwala kuyamika dzanja lace lamanja. Norman anadzipereka kotheratu kotero kuti Bwana analeka kumuona ngati munthu wina wapadera. Ngati nditero, mlandu suli pa Bwana yekha. Koma waukuru uli pa iye ndithu, pakuti amisiri a matabwa anawakumbuka.

Zolakwika m'cithunzici ziripo. Finney anabadwa caka ca 1936, ndipo pojambula anali asanakwane zaka 50; utoto unambisa nkhope, koma mapewa ndi mau ndi za munthu wamphamvu, kotero kuti imfa yace pamapeto idza ngati yosayembekezeka. Courtenay anali atacita kale mbali ya Norman pansanja ku Manchester, ku London ndi ku New York, ndipo zina zimene acita ndi manja ndi mau zinapangidwira munthu wokhala kutali kumpando wotsiriza. Pa cithunzi, pamene nkhope iri pafupi, zioneka zopitirira muyeso. Nkhondo nayo ikhala ngati nsaru yopacika kumbuyo: timva lipenga, tiona nyumba zogumuka, koma anthu a mumzinda amene anadza kudzakhala pansi pa denga limodzi mabomba alikugwa sitiwadziwa konse, cinkana kulimba mtima kwao sikucepa poyerekeza ndi kwa Bwana. Ngakhale ziri tero, cithunzici cinachulidwa pa mphotho 5 za Oscar, ziwiri mwa izo za Finney ndi Courtenay, cinkana sicinalandire ndi imodzi yomwe; ndipo Finney analandira mphotho ya Silver Bear ku Berlin caka ca 1984.

Caka ca 2015 a BBC anajambulanso nkhani yomweyi, motsogozedwa ndi Richard Eyre, Anthony Hopkins ali Bwana ndi Ian McKellen ali Norman. Edward Fox, amene caka ca 1983 anali Oxenby wokwiya uja, tsopano anakhala Thornton wofatsa. Ojambula aciwiriwa sanaturuke kunka ku siteshoni kapena kumsika, anakhala m'nyumba ya masewero monga Harwood analembera poyamba. Amene apeza mwai aone zonse ziwiri, pakuti kusiyana kwace kuphunzitsa. Mu 1983 Norman ndi munthu wa zaka zapakati, ndipo pamene afunsa kuti adzatani, tingathe kuganiza kuti mwina adzapeza mbuye wina womubveka. Mu 2015 Hopkins ndi McKellen onse awiri anali atapitirira zaka 75. Wobveka ngwokalamba monga wobvekedwa, manja ace omwe alikunjenjemera pomanga mabatani, ndipo funso lomwe lija limveka mwina pakamwa pace.